Zitsime Zouma za ku Persia

Yense amene adawerengapo buku la Estere kapena la Nehemiya adamvapo za mzinda wa Susani, kapena kuti Susa, kumene mafumu a Persia ankakhala pa mipando yawo ya ulemerero. Koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti m'chigawo chomwecho, kum'mawa kwa mabwinja a mzindawo, kumene chigwa chimayamba kukwera kulowa m'mapiri a Zagros, nthaka yakhala ikukha mafuta akuda kuyambira kalekale. Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri uja, adasimba za chitsime china cha kufupi ndi Susa chimene anthu ankatungamo phula, mchere ndi mafuta. Eni dziko a mibadwo yotsatira adapitiriza kutunga m'akasupe otere, namamata nawo ngalawa zawo, namapaka ngamira zogwidwa mphere, namayatsira nyale. Chotero pamene Azungu adayamba kufika m'zaka za m'ma 1800 ndi makalata awo opempha zilolezo, sadadze kudzaulula chinsinsi chimene eni ake sankachidziwa ayi. Chimene chidali chobisika, kwa mwini dziko ndi kwa mlendo yemwe, n'chakuti kodi pansi pa timadontho timeneti pali nyanja kapena chithaphwi chabe; ndipo mbiri yonse ya malonda amenewa yagona pa kusadziwa kumeneku, pakuti mtengo udapangidwa m'masiku a mdima, ndipo kutacha mtengowo udakhala uli pomwepo.

Tiyenera kuyambira mosungira chuma cha mfumu, pakuti zilolezo zonse za ku Persia zidabadwira m'menemo. Naser al-Din Shah, wa fuko la Qajar, adakhala pampando kuyambira 1848 kufikira 1896, zaka zokwanira ndithu kuti mfumu imange dziko. Koma ufumu umene adaulandira udali wotakata m'malire ndi wopyapyala m'thumba. Msonkho unkasonkhetsedwa ndi abwanamkubwa amene adagula maudindo awo ndi ndalama, ndipo aliyense wa iwo ankayamba wabweza zake asanakumbukire ku likulu. Misewu ya ngolo idali yosowa, njanji kudalibe, ndipo katundu ankayenda pamsana pa nyulu ndi ngamira. Kumpoto kudali Russia, amene adalanda kale maiko a ku Caucasus m'mapangano a 1813 ndi 1828. Kum'mwera, pa nyanja ya Gulf, kudali zombo za Britain, amene mtima wake udali pa India ndipo sankafuna kuti Mrasha ayandikire njira ya kumeneko. Mfumu yokhala pakati pa anansi otere, yopanda asilikali odalirika ndi yopanda ndalama, idatsala ndi malonda amodzi okha osalira khasu kapena ng'anjo, ndiwo chidindo chake. Pepala lolembedwa ndi kudindidwa linkabala ndalama tsiku lomwelo, ndipo nduna zonyamula pepalalo kunka nalo kwa mfumu sizinkabwerako chimanjamanja.

Woyamba kugula chidindocho mwaukulu adali Baron Julius de Reuter, mbadwa ya ku Germany imene idasanduka nzika ya Britain, yemwe uja dzina lake likadali pa kampani yofalitsa nkhani kufikira lero. Mu Julayi 1872 adapatsidwa chilolezo cha zaka 70, ndipo munthu akamva zimene zidali m'menemo amayamba kufunsa chimene chidatsala: njanji yochokera ku nyanja ya Caspian kufikira ku Gulf, migodi ya malasha, chitsulo, mkuwa, mtovu ndi mafuta, kupatula golide, siliva ndi miyala ya mtengo wapatali, nkhalango za boma, ngalande zothirira minda, msonkho wa pamadoko, ndi mwayi woyamba wokhazikitsa banki. Nduna yaikulu Mirza Hosein Khan, amene adakhalapo kazembe ku Istanbul ndipo adali wofunadi kuti dziko lake litukuke, sitingamuyese wogulitsa dziko wamba. Iye adalingalira kuti akamangirira chuma cha Angelezi m'nthaka ya Persia, Angeleziwo adzakakamizika kutchinjiriza Persia kwa Arasha. Nzeru imeneyi, yoitana mlendo mmodzi kuti apirikitse mnzake, idabwerezedwa kangapo pambuyo pake, ndipo woitanidwayo ndiye ankachedwa kutsazika.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Boma la Britain, poona kukula kwa chinthucho, lidachita mphwayi kuchiikira kumbuyo. Eni chuma a ku London adaumira kuikamo ndalama zawo. Ndipo pamene Shah, ndiye mfumuyo, adapita ulendo wake woyamba ku Ulaya mu 1873, adapeza nkhope zakugwa ku St Petersburg. Pobwerera, asanafike n'komwe ku Tehran, likulu lake, adamva kuti akalonga, akuluakulu a chipembedzo ndi ena a m'nyumba yake yomwe amvana chimodzi kuti nduna ichoke. Nduna idachokadi, ndipo chisanathe chaka chimenecho chilolezo chidafafanizidwa ponamizira kuti ntchito ya njanji sidayambe pa nthawi yake. Mapaundi 40,000 amene Reuter adaika ngati chikole adagwiridwa, ndipo mkuluyo adatsala ndi dandaulo limene adaliweta mosamala zaka 16, akazembe a Britain nalisandutsa ndodo yoopsezera aliyense wofuna kumanga njanji m'dzikomo. Pa ufumu wonse wa papepala umenewu sipadakumbidwe chitsime n'chimodzi chomwe.

Amene adayamba kuboola nthaka adali amalonda a kampani ya Albert Hotz, Mdatchi wochita malonda padoko la Bushehr, amene mu 1884 adakumba chitsime chosazama ku Dalaki, m'munsi mwa mapiri a panjira ya ku Shiraz, pamalo pamene fungo la sulufule ndi mafuta oyandama pamadzi zidali zodziwika kwa apaulendo onse. Sadapeze kanthu kogulitsa. Mu 1889, pofuna kutseka pakamwa pa Reuter, Shah adampatsa chilolezo chachiwiri chimene chidabala Imperial Bank of Persia, banki imene idaloledwa yokha kusindikiza ndalama za mapepala. Ndipo pamwamba pa banki adaonjezapo ufulu wa migodi yosiyanasiyana, mafuta ali momwemo, pa pangano lakuti boma lizilandira magawo 16 pa 100 alionse a phindu. Eni banki, podziwa kuti kusunga ndalama ndi kukumba miyala ndi ntchito ziwiri zosiyana, adagulitsa ufulu wa migodiwo kwa kampani ina yotchedwa Persian Bank Mining Rights Corporation. Kampani imeneyi idaboolanso ku Dalaki, idawoloka kukaboola pa chilumba cha Qeshm, idatumiza akatswiri ake uku ndi uku kukayang'ana miyala, ndipo patapita zaka zochepa idatha mphamvu ndi ndalama zomwe. Pofika 1899 ufulu wake wa migodi udafa wokha, popeza zaka khumi zoikidwa zidatha popanda chooneka.

Zifukwa za kulephera kumeneku n'zoyenera kuzilingalira mofatsa, pakuti sikudali kupusa ayi. Mtovu kapena mkuwa ungakhale wochuluka chotani m'phiri, ngati palibe msewu ndipo mtolo uliwonse uyenera kutsika pamsana pa nyulu masabata angapo kufikira kudoko, phindu lonse limathera m'njira. Kunena za mafuta, okumbawo ankachita chimene aliyense wa ife akadachita, ndiko kuboola pamene mafuta akuonekera. Koma kasupe wa mafuta ndi pamene mafutawo akuthawira, si pamene agona ayi. M'mapiri a Zagros chuma chenicheni chidasungidwa m'thanthwe la laimu lotchedwa Asmari, limene lidapindika ngati nsana wa ngalawa yovundikira, ndipo pamwamba pake padayalidwa mchere ndi miyala yofewa zimene zimatsekera mafuta pansi. Miyala ya pamwambayi idakwinyika mwa njira yakeyake, kotero kuti maonekedwe a kunja sanena zoona za m'kati. Zimenezi zidadziwika bwino pambuyo pake, zitsime zambiri zitaphunzitsa anthu. M'masiku amenewo chodziwika ku London chidali chimodzi chokha, chakuti ku Persia ndalama zimalowa pansi osatulukanso. Ndipo mbiri yoipa imeneyi ndiyo idaika mtengo wa malonda otsatira.

Padachitikanso chinthu china chimene sichikhudza migodi, koma chidaphunzitsa mfumu ndi alendo omwe. Mu 1890 Shah adapatsa Mngelezi wina, Major Talbot, ufulu wogula ndi kugulitsa fodya yense wa m'dzikomo kwa zaka 50. Apa chidindo chidakhudza mlimi m'munda mwake, wamalonda pamsika ndi nkhalamba yokoka kaliwo wake wa madzi pakhonde. Ndipo pamene lamulo loletsa kusuta lidamveka mu Disembala 1891 m'dzina la mtsogoleri wa chipembedzo Mirza Hasan Shirazi, dziko lonse lidaika pansi akaliwo, kufikira akazi a m'nyumba ya mfumu. Chilolezo chidafafanizidwa kumayambiriro kwa 1892, boma nilikongola mapaundi 500,000 ku banki ya Reuter ija kuti lilipire kampani ya fodyayo. Phunziro lake lidali loonekeratu: ukagulitsa chimene anthu ali nacho m'manja, adzakuukira, koma chimene chili pansi pa mapiri a kutali, chimene palibe adachiona, ungachigulitse mzinda uli m'tulo.

Tsono tifike kwa munthu amene dzina lake lidamatirira ku nkhani imeneyi. Mfalansa wina wofukula za makedzana, Jacques de Morgan, yemwe pambuyo pake adatsogolera ntchito yofukula mabwinja a Susa, adalemba mu 1892 za akasupe a mafuta amene adawaona kufupi ndi Qasr-e Shirin, kumalire a Persia ndi ufumu wa Ottoman. Zolemba zakezo zidafika m'manja mwa Antoine Kitabgi, mkulu amene adayendetsapo za msonkho wa pamadoko a Persia ndipo adali bwenzi la nduna yaikulu Amin al-Soltan. Ku Paris, pa chionetsero chachikulu cha mu 1900, Kitabgi adapempha Sir Henry Drummond Wolff, amene adakhalapo kazembe wa Britain ku Tehran, kuti amupezere munthu wa chuma wosaopa kutaya. Ndipo Wolff adamulozera kwa William Knox D'Arcy. Uyu adabadwira ku Devon mu 1849, adasamukira ku Rockhampton m'dziko la Australia ali mnyamata, nagwira ntchito ya uloya, nalemera koopsa ndi mgodi wa golide wa Mount Morgan. Ndipo atabwerera ku England ankadya chuma chake m'maphwando ndi m'mijaha ya akavalo. Adali munthu amene nthaka idamukomerapo mtima kamodzi, ndipo anthu otere savuta kukhulupirira kuti idzateronso.

D'Arcy sadapite ku Persia, pa nthawiyo kapena pa moyo wake wonse. Adatuma nthumwi yake, Alfred Marriott. Pampando padali Mozaffar al-Din Shah, mwana wa mfumu ija, wodwaladwala ndi wokonda maulendo a ku Ulaya, amene mu 1900 adali atakongola kale ndalama zambiri ku Russia. Kazembe wa Britain, Sir Arthur Hardinge, amene adali atangochokera ku Zanzibar, adathandiza mwakachetechete. Ndipo pofuna kuti Arasha asapse mtima msanga, zigawo zisanu za kumpoto, Azerbaijan, Gilan, Mazandaran, Astarabad ndi Khorasan, zidasiyidwa kunja kwa pangano. Pa 28 Meyi 1901 mfumu idasaina. D'Arcy adalandira ufulu wa yekha wofufuza, kukumba, kuyenga ndi kugulitsa mafuta m'dziko lonse lotsalalo kwa zaka 60, pamodzi ndi ufulu woyala mapaipi kufikira kunyanja; boma lidalonjezedwa mapaundi 20,000 a ndalama, masheya a mapaundi 20,000, ndi magawo 16 pa 100 a phindu la chaka ndi chaka, chiwerengero chomwe chija cha m'chilolezo cha 1889. Akasupe atatu a ku Shushtar, Qasr-e Shirin ndi Dalaki, amene boma linkabwereketsa kwa eni dziko ndi kulandirapo matomani, ndalama za ku Persia, 2,000 pachaka, adalowetsedwa momwemo, D'Arcy navomera kumalipira matomaniwo. Kachiwerengero kameneka n'kofunika kukakumbukira, pakuti ndiko kadali muyeso wa mafuta a Persia m'maso mwa boma lake m'chaka chimenecho.

Ambiri poweruza pangano limeneli amathamangira kwa Esau ndi mphodza zake zofiira. Fanizolo lili ndi mbali yake yoona, pakuti njala ya lero ndiyo idalamula. Koma Esau ankadziwa bwino lomwe ukulu umene akugulitsa, pamene Shah ankagulitsa chinthu chimene Hotz ndi kampani ya migodi ija adachifunafuna osachipeza. Kwa munthu wa mu 1901, mapaundi 20,000 pa chinthu chosaoneka sadali mtengo wochititsa manyazi, ndipo wotaya ndalama zake m'dzenje adali D'Arcy, osati mfumu. Chilema chenicheni, m'kuona kwanga, chidali pawiri pena. Choyamba ndi kutalika kwa zaka, pakuti zaka 60 zimamanga adzukulu pa mawu a agogo amene adalankhula asanaone kanthu. Chachiwiri, chimene chidali choopsa koposa, ndi chakuti gawo la Persia lidayenera kuwerengedwa pa phindu lotsala zowonongedwa zonse zitachotsedwa, chikhalirecho mabuku owerengera phindulo adali ku London, m'manja mwa wolipira. Pangano lidaikadi mkulu woimira boma kuti aziyang'anira zonse. Koma malipiro ake, mapaundi 1,000 pachaka, ankachokera kwa mwini chilolezo, ndipo woyamba kukhala pa udindowo adali Kitabgi yemwe uja adabweretsa malondawo.

Ntchito ya kuthengo idapatsidwa kwa George Bernard Reynolds, injiniya amene adakumbapo mafuta ku Sumatra, munthu wouma mutu, wa lilime lakuthwa polembera mabwana ake, koma wodziwa kukhala ndi anthu a m'mapiri. Adayambira ku Chiah Surkh, kufupi ndi kumene de Morgan adaona akasupe. Chitsulo chilichonse chidayenera kuyenda pa sitima ya pamadzi kufikira ku Basra, kukwera mtsinje wa Tigris kufikira ku Baghdad, ndi kunyamulidwa pa nyulu ndi ngolo kudutsa malire. Kachitsulo kamodzi kakathyoka, ntchito inkaima masabata. Kuboola kudayamba mu Novembala 1902, ndipo oboolawo adali a ku Poland, a ku Canada ndi ena ochokera ku zitsime za Baku. Makina amene adagwiritsa ntchito kumeneko sankazungulira monga a lero. Injini ya nthunzi inkakweza chitsulo cholemera ndi kuchigwetsa, kukweza ndi kugwetsa, monga mayi asinjira chimanga mumtondo, ndipo pakapita nthawi ankatulutsa musi wachitsulowo, natsitsa chotungira kuti achotse matope a mwala wophwanyikawo. Tsiku lina ankatsika mapazi angapo, tsiku lina osatsika konse. Dzuwa la chilimwe linkawotcha mahema ngati ng'anjo, madzi akumwa adali oipa, matenda sankachoka pamsasa, ndipo mafumu a m'deralo, amene chidindo cha ku Tehran sichinkawaopsa, ankafuna mphatso zawo kuti akhale alonda a katundu amene anthu awo omwe akadamuba.

Mu Januwale 1904 chitsime chimodzi chidatulutsa mafuta, D'Arcy nakondwa kwambiri. Koma patapita miyezi yochepa mafutawo adayamba kuchepa, ndipo ngakhale akadachuluka, malowo adali kutali ndi nyanja kotero kuti kuwatulutsa kukadadya phindu lonse. Walira mvula walira matope. Mwini golide wa Mount Morgan adapezeka ali ndi ngongole yaikulu ku banki, akugogoda pa makomo a eni chuma, kufikira adakambirana ndi banja la Rothschild la ku France za kugulitsa chilolezocho. Apa ndi pamene boma la Britain lidatchera khutu. Akuluakulu ena a zombo za nkhondo, makamaka Admiral John Fisher, adali atatsimikiza mumtima kuti zombo za m'tsogolo zidzayendera mafuta m'malo mwa malasha; ndipo Britain, amene adali ndi malasha osaneneka pansi pa nthaka yake, adalibe mafuta akeake. Sadafune kuti chilolezo cha ku Persia chigwe m'manja mwa mtundu wina. Chotero adakokera pamodzi Lord Strathcona, nkhalamba yolemera ya ku Canada, ndi kampani ya ku Glasgow yotchedwa Burmah Oil; ndipo mu 1905 padakhazikitsidwa Concessions Syndicate, imene idatenga ntchitoyo ndi kuisamutsira kum'mwera chakumadzulo, kufupi ndi mtsinje wa Karun.

Kumeneko eni nthaka adali a Bakhtiari, mtundu woweta nkhosa ndi mbuzi umene umakwera kumapiri m'chilimwe ndi kutsikira kuchigwa m'nyengo yozizira, ndipo mafumu awo sankapempha chilolezo kwa munthu. Mu Novembala 1905 alendowo adapangana nawo paokha, kuti azilandira mapaundi 2,000 pachaka a ulonda ndi magawo atatu pa 100 a masheya m'kampani yokumba mafuta m'dziko lawo. Boma la ku Tehran silidavomere pangano limeneli, koma lidalibe mphamvu yoliletsa, pakuti m'miyezi yomweyo likulu lidali m'chipwirikiti: amalonda ndi akuluakulu a chipembedzo adaukira ulamuliro wa mfumu, mu 1906 adakakamiza Shah kuvomera nyumba ya malamulo yotchedwa Majles, ndipo mu Ogasiti 1907 Britain ndi Russia adagawana Persia papepala m'zigawo za chikoka chawo osafunsa eni ake. Zitsime ziwiri zimene Reynolds adaboola ku Shardin ndi Mamatain zidauma. Ndalama za ulonda zinkathera m'manja mwa mafumu osafika kwa alonda, alondawo namadzilipira okha ndi katundu wa pamsasa; ndipo kumapeto kwa 1907 boma la Angelezi la ku India lidatumiza msilikali wachinyamata, Arnold Wilson, ndi apakavalo okwana makumi awiri, ponena kuti akukalondera nyumba ya kazembe ku Ahvaz, pamene aliyense ankadziwa chimene akukalondera.

Padatsala malo amodzi amene Reynolds adawakhulupirira kuyambira pamene adawaona koyamba, ndiwo Masjed Soleyman, chigwa chouma cha pakati pa zitunda, pamene pali mabwinja a kachisi wakale ndi akasupe a phula. Kudalibe msewu, ndipo umene adaulambula udakokoloka ndi mvula, nayambanso. Kuboola kudayamba mu Januwale 1908. Pofika mwezi wa Meyi fungo la gasi lidali litayamba kumveka pachitsime, koma chitsulo choboolera chidamasuka n'kugwera pansi pa dzenje, ndipo amuna aja adatha masiku akuchiwedza m'dzuwa loswa mtengo. Ku Glasgow mitima idali itatha. Pa 14 Meyi adalemba kalata yomuuza kuti atsike kufikira mapazi 1,600, ndipo akapanda kupeza kanthu atseke zonse, apakire makina, abwerere. Kalatayo ikadali m'njira, m'bandakucha wa pa 26 Meyi 1908, cha m'ma 4 koloko, chitsulo chidapyoza thanthwe pa mapazi 1,180, ndipo mafuta adathuvuka kupitirira nsonga ya nsanja yoboolera, nanyowetsa anthu ndi nthaka yomwe, gasi n'kumatsamwitsa oyandikira. Wilson, amene adagona panja pafupi ndi chitsimecho, adafuna kudziwitsa akuluakulu ake mosaululira alembi a m'njira. Ndipo monga mwana wa mbusa wodziwa Malembo, adangowalozera ku Masalmo 104 ndime 15 ndi Masalmo 114 ndime 8, imodzi yonena za mafuta, inayo za kasupe wotuluka m'thanthwe.

Zotsatira zake zidayenda mofulumira. Mu Epulo 1909 idakhazikitsidwa Anglo-Persian Oil Company, ndipo pa tsiku logulitsa masheya anthu a ku Glasgow, amene dzulo lake sakadaponya khobidi ku Persia, adapanikizana pa makauntala a banki. D'Arcy adabwezeredwa zimene adawononga, napatsidwa masheya a Burmah Oil ndi mpando pakati pa akuluakulu a kampani, ndipo adamwalira mu 1917 ali wolemera. Reynolds, amene adapirira zaka zonsezo m'mahema, sadamvane ndi mabwana atsopano. Adachotsedwa ntchito mu 1911, napita ku Venezuela, kumene adathandizanso kupeza mafuta ochuluka. Kampani idafuna malo a fakitale yoyengera mafuta, ndipo monga idachitira ndi a Bakhtiari, sidapite ku Tehran koma kwa Sheikh Khazal wa ku Mohammerah, amene mu 1909 adaibwereka gawo la chilumba cha Abadan, iyenso nalandira ngongole ya mapaundi 10,000 ndi mawu a chitetezo ochokera kwa Angelezi. Mapaipi otalika mamailosi oposa 130 adayalidwa kudutsa zitunda ndi chipululu pofika 1911, fakitale niyamba ntchito movutikira chaka chotsatira. Ndipo mu Juni 1914, kutatsala masabata ochepa kuti nkhondo yaikulu iyambe, Winston Churchill, amene ankayang'anira zombo za nkhondo, adapempha nyumba ya malamulo ya Britain kuti boma liike mapaundi 2,200,000 m'kampaniyo ndi kutenga magawo 51 pa 100. Aphungu 254 adavomera, 18 okha nakana. Pangano limene Shah adachita ndi munthu mmodzi wokonda mijaha ya akavalo lidasanduka pangano ndi ufumu wamphamvu koposa wa masiku amenewo, ndipo Persia sadafunsidwe.

Kuyambira pamenepo mkangano udali wa mabuku. Pamene mapaipi adadulidwa ndi anthu a m'deralo mu 1915, m'kati mwa nkhondo, kampani idati boma lidalephera kuteteza katundu wake, nigwira gawo la Persia. Magawo atatu a Bakhtiari aja inkawachotsa pa ndalama za boma. Idabala makampani ena aang'ono, a zombo zonyamula mafuta ndi ogulitsa kumaiko akutali, ndipo funso lakuti kodi phindu la ana amenewa lili m'kati mwa magawo 16 aja lidavuta zaka zambiri. Mu 1920 padapangidwa chimvano china, kampani nilipira mapaundi 1,000,000 a zotsalira, koma Majles sidachivomereze konse. Fuko la Qajar lidagwa mu 1925, Reza Shah nalowa ufumu, ndipo nduna zake zidakambirana ndi kampani zaka zingapo popanda chotuluka. Tsono malonda a dziko lonse lapansi atagwa, gawo la Persia, limene mu 1930 lidali pafupifupi mapaundi 1,288,000, lidatsika kufika pafupifupi 307,000 mu 1931, chikhalirecho mafuta otuluka ku Abadan sadachepe motero ayi. Mu Novembala 1932 Reza Shah adafafaniza chilolezo cha D'Arcy. Britain adatengera mlanduwo ku bungwe la maiko la League of Nations. Ndipo mu Epulo 1933, Sir John Cadman wa kampaniyo atafika iye mwini ku Tehran kudzaonana ndi mfumu, padasainidwa pangano latsopano. Dera la kampani lidachepetsedwa kufika masikweya mailosi 100,000, ndipo malipiro aakulu adachoka pa phindu la m'mabuku kunka pa kulemera kwa mafuta enieniwo, mashilingi anayi pa tani iliyonse, chinthu chimene mlembi wa boma akadatha kuchiwerenga ataima padoko. Posinthana ndi zimenezi Cadman adapempha zaka, ndipo adapatsidwa: chilolezo chimene chikadatha mu 1961 chidatalikitsidwa kufikira 1993.